Kwacha ikamafooka: kumene ndalama za pakhomo zimathera, ndi poyambira kuziteteza

Kuyambira pa 9 Novembala 2023, dola imodzi ya ku America, yomwe imagulidwa pa mtengo wa pafupifupi K1,180 m'mabanki, inayamba kugulidwa pa K1,700. Dola inadula ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aka kanali kachiwiri m'miyezi 18, poti mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inali itachepetsa kale mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Munthu amene sanagwirepo dola chibadwire anamva ululu wake pasanathe sabata: mafuta a galimoto anakwera, thiransipoti inakwera, kenako sopo, mafuta ophikira, mankhwala ndi feteleza.

Chifukwa chake n'chodziwika. Dziko lino limagula kunja mafuta, feteleza, mankhwala ndi zipangizo zambiri za m'mafakitale, ndipo zonsezi zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Ndalama zakunjazo zimabwera makamaka kuchokera ku fodya, tiyi, shuga ndi thandizo la mayiko ena, ndipo sizikwana. Pamwamba pa izi panabwera namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kenako ng'amba ya El Niño, moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Choncho mitengo inkakwera kuchokera mbali ziwiri, ya dola ndi ya chimanga. Mu Januwale 2024 ofesi yowerengera ya National Statistical Office inapeza kuti mitengo yakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi Januwale wa chaka chapitacho, ndipo ya chakudya inali itapitirira 40 peresenti.

Nambala imeneyi ambiri amaimva molakwika. Akanena pa wailesi kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika kuchoka pa 35 kufika pa 28 peresenti, sakunena kuti shuga watchipa. Akunena kuti akudulabe, koma liwiro lake lachepako. Amene akuyembekeza kuti mitengo ibwerere pakale asanakonze bajeti yake adikira mpaka kalekale.

Tanthauzo lake pakhomo ndi ili. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pachaka, K100,000 yosungidwa pansi pa matilesi imagula, chaka chikatha, zinthu zomwe K77,000 ikanagula lero. Pepala lake ndi lomwelo, palibe wakuba walowa m'nyumba, koma K23,000 yapita. Ndiye pa nyengo ngati iyi funso lalikulu limakhala la nthawi: ndalama iyi ndiigwiritse ntchito liti, ndipo ikhale m'chiyani podikira tsikulo? Malangizo akale akuti "ingosungani" amaperewera.

Bajeti ya chaka, osati ya mwezi wokha

Mabanja ambiri amawerengera mwezi ndi mwezi, kuchokera pa malipiro kufika pa malipiro ena. Koma ndalama zimene zimagwetsa banja sizibwera mwezi uliwonse. Fizi imafunika katatu, mu Sepitembala, Januwale ndi Epulo. Mbewu ndi feteleza wokulitsa zimafunika mvula isanagwe, wobereketsa amafunika chakumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale. Chimanga chimafika pachimake kudula pakati pa Januwale ndi Malichi. Malungo nawo amachuluka nthawi ya dzinja yomweyo. Mukayika zonsezi pa pepala limodzi muona kuti Januwale amanyamula katundu wa miyezi itatu, chonsecho amabwera m'thumba mutapepuka ndi Khirisimasi. Akatapila amaudziwa bwino mwezi umenewu.

Tengani kope, mulembe miyezi 12 motsika. Pa mwezi uliwonse lembani ndalama zikuluzikulu zomwe mukudziwa kuti zidzafunika, pa mtengo wa lero, ndipo pa zomwe zili kutsogolo ndi miyezi 6 kapena kuposa muwonjezerepo 15 kapena 20 peresenti. Muphatikize, mugawe ndi 12. Chotulukacho ndi ndalama yoyenera kuchotsedwa mwezi uliwonse tsiku lolandira, ndiwo zisanagulidwe. Mwachitsanzo, ngati fizi ya ana, feteleza, chimanga ndi yunifolomu zikukwana K1,200,000 pachaka, ndiye kuti K100,000 ya mwezi uliwonse ili ndi mwini wake kale. Nambalayi ikaposa zomwe mungathe, mwadziwa mu Meyi vuto lomwe mukanalidziwa mu Januwale, ndipo mu Meyi njira zilipo: kusintha sukulu, kuchepetsa munda wa chimanga n'kudzalako soya kapena mtedza zomwe sizilira feteleza wambiri, kapena kufunafuna ganyu yowonjezera.

Kumbali ya zolowa, lembani zokhazo zotsimikizika. Alawansi yomwe mwina ibwera, ngongole yomwe mlamu analonjeza kubweza, ndalama yomwe mwana wa ku Joni amatumiza akakhala ndi ntchito, zonsezi zisalowe m'bajeti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zikabwera, zipite ku ngongole kapena ku thumba la zadzidzidzi.

Zotuluka zazing'onozing'ono zimafuna mwezi umodzi wolemba chilichonse, ngakhale K200 ya tomato. Cholembedwacho chimadabwitsa. Kawirikawiri dzenje limapezeka m'malo anayi: mabandulo a intaneti a tsiku ndi tsiku, omwe amadula kuposa a mwezi mukawaphatikiza, kutapa ndalama ku Airtel Money kapena Mpamba pang'onopang'ono, n'kumalipira kotapira ulendo uliwonse, kugula mafuta ophikira, shuga ndi makala mwa timapaketi, ndi kubetcha mpira. Zitatu zoyambazo zimakonzeka pongosintha kagulidwe. Botolo la malita 5 la mafuta likakukanikani nokha, gulani ndi aneba awiri mugawane. Chachinayicho chilibe kakonzedwe kena koma kusiya.

Ndalama zikaperewera, kalipiridwe kakhale ndi ndondomeko: chakudya ndi mankhwala, lendi, thiransipoti yopitira kumene mumapeza ndalama, madzi ndi mayunitsi a magetsi, kenako fizi ndi ngongole. Amene amakuwa kwambiri si amene ayenera kuyamba kulandira. Kwa eni nyumba ndi kusukulu, pitani nokha tsiku lisanafike mukanene zomwe mungapereke ndi tsiku lomwe mudzamalize. Ambiri amalola kulandira pang'onopang'ono kwa munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene wazimitsa foni.

Chimanga ndiye banki yoyamba

Kwa banja la ku Malawi, njira yodalirika kwambiri yothawira kukwera kwa mitengo ndi kugula chimanga cha chaka chonse pakati pa Meyi ndi Julayi, pamene alimi akukolola ndipo mtengo uli pansi. Pa zaka zovuta mtengo wa mu Febuluwale umatha kuwirikiza kawiri wa mu Juni. Palibe akaunti ya kubanki imene ingakupatseni phindu lotere m'miyezi 8. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limadya thumba limodzi kapena limodzi ndi theka la makilogalamu 50 pamwezi, malinga ndi misinkhu ya ana komanso ngati mumakonola kapena mumadya mgaiwa. Mgaiwa umapulumutsa chimanga chochuluka ndithu, poti pokonola gawo lina limapita ku madeya. Yesani thumba limodzi muone masiku amene likutha, muchulukitse mpaka Epulo.

Phindu lonselo limatha ngati chimangacho chawonongeka, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Chimanga chogula mu Meyi nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse. Chimalemera pa sikelo, ndiye mwalipira madzi, kenako chimachita chuku m'thumba. Chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe satha ngakhale muphike. Chinyezi choyenera ndi 13 peresenti kapena kutsika apo. Popanda makina, yesani ndi mchere: thirani mchere wouma bwino m'botolo la galasi louma, muikemo chimanga chodzaza dzanja, mutseke, mukhutchumule, mudikire mphindi zingapo. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi.

Chikauma, chipetedwe bwino. Pali njira ziwiri zosungira. Yoyamba ndi kuthira mankhwala a fumbi monga Actellic, pa mlingo wolembedwa pa botolo, ogula kusitolo yodziwika chifukwa achinyengo ndi ambiri pamsika. Yachiwiri ndi matumba osalowa mpweya monga a PICS, omwe ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Pulasitiki aliyense amamangidwa payekha mutafinya mpweya, ndipo anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, popanda mankhwala. Thumba lotere likabooka, kaya ndi khoswe kaya ndi msomali, ntchito yake yatha, ndipo kulitsegula sabata iliyonse kumabwezeramo mpweya. Matumba asanjidwe pa matabwa, asakhudze pansi kapena khoma. Ogula pamsika asamale ndi ndowa zophwanyidwa m'mbali ndi masikelo okonzedwa. Kulipira kukhale pambuyo poyeza pa sikelo ina.

Nzeru yomweyi imagwira pa feteleza wogula mu Julayi kapena Ogasiti, ndalama za zokolola zisanabalalike, komanso pa nyemba, sopo ndi mchere. Koma musasandutse ndalama zonse katundu. Mwana akadwala usiku, matumba a simenti sangalipire galimoto yopita kuchipatala, ndipo chogulitsa mofulumira chimapita pa mtengo wolira. Simentiyo payokha imauma ikakhalitsa miyezi ingapo. Pakhale ndalama yokwana mwezi umodzi wa zofunika kwambiri, pamalo poti mutha kuitapa tsiku lomwelo. Inde ikutha mphamvu pang'onopang'ono, koma kutayako n'kochepa poyerekeza ndi chiwongoladzanja cha katapila chomwe ikukupulumutsani.

Ngongole: funsani "pa mwezi kapena pa chaka?"

Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024 pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo. Ngongole zambiri za kubanki zimatsatira chiwongoladzanja chimenechi, choncho amene anakongola zinthu zili bwino anaona ndalama yodulidwa pamwezi ikukwera, kapena nthawi yobweza ikutalika. Musanasaine, funsani ngati chiwongoladzanja n'chokhazikika kapena chimasintha, ndipo muuzidwe ndalama yonse yomwe mudzakhale mutabweza pomaliza, kuphatikizapo ya mafomu ndi inshulansi.

Funso lina lomwe anthu safunsa ndi lakuti chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yonse yomwe munatenga kapena pa yotsala. Tiyerekeze kuti mwatenga K600,000 yobweza m'miyezi 12 pa 5 peresenti pamwezi. Akamawerengera pa ndalama yonse, mwezi uliwonse mukulipira K30,000 ya chiwongoladzanja, pachaka K360,000, ngakhale mwezi womaliza pamene mwatsala ndi K50,000 yokha. Akamawerengera pa yotsala, uku mukubweza K50,000 pamwezi, chiwongoladzanja chonse chimakwana K195,000. Onse awiri akunena "5 peresenti", koma akusiyana ndi K165,000.

Katapila ndi nkhani ina. Wobwereketsa akafuna 50 peresenti pamwezi, K50,000 imasanduka K75,000 pakutha pa mwezi. Mukalephera, amati perekani ya pamwamba yokha, K25,000. Miyezi inayi ikatha mwapereka K100,000 ndipo K50,000 ija ikadalipo yonse. Ambiri amasiyanso khadi la ku ATM ndi nambala yake yachinsinsi, moti malipiro amayamba kufika kwa wakatapila, mwini wake n'kumakongolanso kwa yemweyo kuti adye. Ngongole zapafoni zili ndi msampha wofanana pang'ono: ndalama yolipira imaoneka yochepa chifukwa nthawi yake ndi ya masiku ochepa, koma wotenga mwezi uliwonse akaphatikiza chaka chonse amapeza kuti yaposa ya kubanki kutalitali.

Ngati muli ndi ngongole zingapo, zilembeni zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja cha pamwezi. Zonse muzipereka kochepa kovomerezeka, ndipo ndalama iliyonse yapadera ipite ku yodula kwambiri mpaka ithe. Kusunga K50,000 kubanki pa phindu lochepa pachaka uku mukulipira 50 peresenti pamwezi kwina n'kudzinamiza. Kutenga ngongole ya ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena ya kuntchito kuti mutseke ya katapila n'kwanzeru, pokhapokha ngati simubwererakonso. Ndipo pali mbali ina yomwe sikambidwa kawirikawiri: ngongole yomwe chiwongoladzanja chake n'chokhazikika ndipo chili pansi pa kukwera kwa mitengo, monga ngongole zina za kuntchito, musaithamangire kubweza. Kwacha yomwe mudzabweze chaka chamawa ndi yopepuka kuposa yomwe munatenga. Ndalamayo igule chimanga.

Za kusainira mnzanu ngati mboni ya ngongole, dziwani kuti iye akalephera, wobwereketsa abwera kwa inu. Pa nyengo yomwe anthu akuchotsedwa ntchito, sainani pokhapokha ngati mungathe kubweza ndalamayo nokha.

Kosunga ndalama

Akaunti wamba yosungira ndalama imapereka chiwongoladzanja chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, ndipo ina imadulidwa mwezi ndi mwezi. Ndi yabwino pa chitetezo, osati pa phindu. Ndalama yomwe simuifuna kwa miyezi itatu kapena kuposa ingathe kupita ku akaunti yotsekera nthawi, kapena kubwereketsa boma kudzera m'ma Treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364, omwe amagulidwa kudzera kubanki. Mu 2024 a masiku 364 ankapereka 26 peresenti, msonkho usanachotsedwe, pamene mitengo inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa kwa miyezi yambiri ya chakacho. Ndiye kuti ngakhale kumeneko ndalama sinkakula kwenikweni, inkangochedwa kutha. Masheya a pa Malawi Stock Exchange amatha kupambana kukwera kwa mitengo, koma amatsikanso, ndipo si malo oikako fizi ya teremu yamawa.

Banki m'khonde yathandiza mabanja ambiri, makamaka amayi, koma phindu lake limachokera m'matumba a mamembala omwewo. Magulu ambiri amabwereketsa pa 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo ena amakakamiza membala aliyense kukongola. Ngati mulibe geni yobweza ndalamayo msanga, mukukongola kuti mudye, ndipo pogawana mu Disembala mudzalandira zomwe munapereka nokha. Chuma chikavuta, olephera kubweza amachuluka, gulu n'kugawana mabuku m'malo mwa ndalama. Gulu lolimba limakhala ndi malamulo olembedwa, limaika malire a ngongole molingana ndi masheya a munthu, kawirikawiri osapitirira masheyawo kuchulukitsa katatu, limawerenga ndalama pamaso pa onse, ndipo makiyi a bokosi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana. Ngati n'kotheka, gwirizanani kuti kugawana kuzichitika mu Meyi kapena Juni, nthawi yogula chimanga, kapena mu Okutobala feteleza asanasowe. Ndalama ya mu Disembala imathera zovala ndi mpunga wa tsiku limodzi.

Pa chipereganyu, wolandira koyamba amapindula ndipo womaliza amaluza, poti onse amalandira nambala yofanana koma mitengo yasintha. Gulu likhale laling'ono kuti mzere uzizungulira msanga, ndipo woyamba ulendo uno akhale womaliza ulendo winawo. SACCO musanalowe, funsani ngati ili ndi chiphaso chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank. Funso lomweli ndi lomwe limavumbula makampani a pa WhatsApp ndi Facebook olonjeza kuchulukitsa ndalama kawiri pamwezi. Oyamba amalipidwadi, ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo umboni wawo ndi umene umakopa anzawo. Akati phindu lanu likule mukabweretsa anthu ena, tulukani. Woimba foni kuti watumiza ndalama molakwika, kapena wofunsa nambala yanu yachinsinsi ponena kuti ndi wa kukampani ya foni, ndi wakuba. Onani nokha ndalama zomwe zili mu akaunti musanabweze kalikonse.

A geni ndi mpamba wosungunuka

Wa okala wagula katoni ya sopo pa K40,000, wagulitsa yonse K48,000, ndipo akuti wapindula K8,000, n'kuidya. Akabwerera kokapikula apeza katoni ili pa K47,000. Phindu lenileni linali K1,000, thiransipoti isanachotsedwe, ndipo tsopano K40,000 yake sikugulanso katoni yathunthu. Ulendo uliwonse katundu amachepa pa shelefu mpaka okala itatsekedwa, mwini wake osadziwa pomwe analakwitsa. Mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo wokapikulira mawa, osati wa dzulo, ndipo mpamba uziwerengedwa m'makatoni, m'mabelo kapena m'matumba. Imbani foni kwa opikulitsa musanatsegule thumba latsopano. Ndalama ya geni isakhale m'thumba limodzi ndi ya ndiwo. Dzipatseni malipiro okhazikika pa sabata. Ngongole kwa makasitomala pa nyengo yotere ndi mphatso, chifukwa ngakhale abweze pakatha miyezi iwiri, ndalamayo sigulanso katundu yemwe anatenga.

Nkhani ya achibale ndi yovuta kuilemba m'kope, koma ikapanda kulembedwa ndi imene imaphwanya bajeti. Maliro, matenda a kumudzi, chinkhoswe ndi perekaniperekani wa paukwati sizidzatha, ndipo munthu sangadzipatule kwa abale ake chifukwa kwacha yagwa. Chothandiza ndi kuika ndalama yodziwika pamwezi, mwamuna ndi mkazi atagwirizana, yothandizira mbali zonse ziwiri. Ikatha, yankho ndi lakuti mwezi uno zatha, mwezi wamawa. Kwa makolo kumudzi, matumba a chimanga ogula mu Juni kapena thumba la feteleza logula mu Ogasiti limathandiza kuposa ndalama yotumiza mu Febuluwale. Abale a mimba imodzi akamasonkha kandalama mwezi ndi mwezi ka maliro ndi matenda, mtolo sugwera amene ali pa ntchito yekha.

Ntchito ikatha chifukwa kampani ikuchepetsa anthu, lamulo la ntchito limapereka ndalama yolekera ntchito kwa amene wagwira chaka chimodzi kapena kuposa: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa zaka zopitirira apo. Palinso ndalama ya notisi ngati simunapatsidwe nthawi, ndi ya masiku a tchuthi omwe simunapume. Werengani nokha musanasaine kuti mwalandira zonse, ndipo zikasiyana pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Pa penshoni, bwana amayenera kupereka 10 peresenti ya malipiro anu ndipo inu 5 peresenti. Makampani ena zinthu zikathina amadula 5 peresentiyo pa malipiro koma osaitumiza. Pemphani sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yanu kamodzi pachaka mukadali pa ntchito, chifukwa kulondola ndalamazi kampani itatsekedwa n'kovuta kwambiri.

Ndalama yolekera ntchito ikafika, miyezi iwiri yoyamba isalowe mu geni yomwe simunaichitepo. Tsekani ngongole zodula, gulani chakudya, lipiriranitu lendi ndi fizi ya teremu yotsatira, ndipo ngati nyumbayo ndi yodula samukani ndalama ikadalipo. Zikafika pogulitsa katundu, yambani ndi zomwe zimadya ndalama, monga galimoto yongoyendera kapena foni yachiwiri. Makina osokera, njinga ya kabaza, firiji ya geni ndi munda zikhale zomalizira, popeza ndi zomwe zingabweretse ndalama ya mwezi wotsatira.